Azungu ali ndi zilombo zingati?

Funso limeneli anandifunsa ndi amayi anga ondibereka, madzulo ena m'nyengo yozizira, magetsi atangobwera kumene. Anali atachokera kwathu ku Phalombe kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo masabata awiri amene anakhala nafe mpando wa pafupi ndi kanema unali wawo. Ana anaika makatuni. Amayi Chingerezi chawo chimathera pa moni, koma si munthu woti zinthu zizidumphadumpha pamaso pawo iwo ali duu, ndiye ntchito yomasulira inagwera ine.

Panatulukira chinthu chobiriwira, chamimba, makutu ngati timalipenga. "Ichi n'chiyani?" Ndinati chilombo. Patapita kanthawi panabwera china chamapiko chikulavula moto. "Nanga ichi?" Chilombonso, amayi. Chachitatu chinasuzumira pansi pa mlatho, ndipo ndisanatsegule pakamwa mwana wanga wamkazi wa sitandade 6 anandidula. "Adadi mukuwanamiza agogo. Choyamba chija ndi ogre, chamoto chija ndi dragon, ichi ndi troll." Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana ndi diso lawo labwinolo. "Bambo, sukulu yonse ija munakatengako mawu amodzi okha? Tandiuzani, azunguwa ali ndi zilombo zingati?"

Ine ndimaphunzitsa Chingerezi ku sekondale, ndipo choko ndadya chokwanira. Kugonjetsedwa ndi mwana wa pulayimale pamaso pa mayi ako si zinthu zogona nazo tulo. Onse atalowa m'zipinda ndinatsitsa dikishonale yanga yothothoka chikuto ija, n'kuyamba ndi mawu amene amafungatira anzake onse, monster.

Mawuwa analowa m'Chingerezi cha m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa, koma kwawo kwenikweni ndi ku Roma. M'Chilatini ankati monstrum, kuchokera ku mneni monere, kutanthauza kuchenjeza. Kwa Aroma monstrum sichinali chinthu cha mano ataliatali chobisala m'tchire. Chinali chodabwitsa chilichonse chosemphana ndi chilengedwe: ng'ombe kubereka thole la mitu iwiri, miyala kugwa ngati mvula, chiboliboli kutuluka thukuta. Zikatero ankakanena kubwalo la akuluakulu a mzinda, iwo n'kuitana ansembe kuti afufuze chimene milungu yakwiyira ndi nsembe yoipepesera. Nditawerenga pamenepo ndinaseka ndekha pabalaza, chifukwa mawu amenewa ife tili nawo, ndipo si chilombo ayi. Ndi malodza. Kadzidzi kulira padenga, thadzi kulira ngati tambala, bilimankhwe kumupeza akukumba pansi. Choopsa si kadzidziyo, ndi uthenga umene wasenza. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana a anthu kuti monster ndi chilombo, osadziwa kuti agogo ake a mawuwa ndi malodza.

Mneni yemweyo monere ndi amene anabereka monitor. Eya, amonita a m'kalasi aja, olemba maina a olongolola. Iwo ndi monster ndi pachibale, ndipo aliyense amene analimako bwalo la sukulu chifukwa cha kapepala ka amonita sangadabwe.

Koma kuseka kwanga sikunakhalitse. Kwa zaka mazana ambiri Angerezi ankagwiritsa ntchito mawu omwewa potchula mwana wobadwa ndi chilema, ngakhale m'mabuku a madokotala, mpaka m'ma 1800. Anthu obadwa mosiyana ndi anzawo ankawayendetsa m'misika kuti anthu azilipira powaona. Sindikulemba izi kuti tiwaloze chala. Ifenso tikudziwa zimene zimatsatira munthu akangotchedwa malodza, ndipo abale athu achialubino angatiuze bwino.

Tsiku lotsatira ndinayamba kulondola mawu enawo limodzilimodzi, ndipo chimene ndinapeza n'chakuti Chingerezi zilombo zake zambiri n'zobwereka. Chiyankhulo chimenechi chili ngati munthu woyenda m'maliro a mitundu yonse, kulikonse n'kubwerako ndi kanthu m'thumba. Troll anachokera kwa anthu a ku Scandinavia, kumene ankati amakhala m'mapiri ndi m'mapanga, ndipo m'nthano zina dzuwa likamutulukira amasanduka mwala. Ogre ndi wa ku France, anatchuka ndi nthano zimene Charles Perrault anasindikiza mu 1697, ndipo chizindikiro chake n'chimodzi: amadya anthu, makamaka ana. Giant ndi wa Agiriki, iye mlandu wake ndi msinkhu basi, ndi chimphona. Goblin ndi wamng'ono, wonyansa nkhope, wokonda kusokoneza m'nyumba. Kraken, chinyama cha m'nyanja chomiza zombo, ndi cha asodzi a ku Norway. Ghoul ndi wa Aluya, amene ankati ghul, chiwanda cha m'chipululu; pofika m'Chingerezi mu 1786 chinadziwika ngati chokhala kumanda n'kumadya mitembo. Amenewo nditawafotokozera amayi sanachedwe. "Imeneyo ndi mfiti, bambo. Musaipatse dzina lachizungu."

Awiri ena ndi a m'Baibulo, behemoth ndi leviathan, pa Yobu 40 ndi 41. Angerezi anawasiya m'Chiheberi momwemo, ndiye kwa iwo amamveka ngati zinthu za kudziko lina. Omasulira Buku Lopatulika sanavutike nazo, anangoti mvuu ndi ng'ona. Zimene mnzathu wa ku London amaziganizira atatsinzina, mlimi wa ku Chikwawa amazithamangitsa m'dimba.

Zilombo za Angerezi eni ake zilipo, koma zambiri zinatsitsidwa udindo Afalansa a ku Normandy atalanda dzikolo mu 1066 n'kubwera ndi mawu awoawo. Chinjoka cha m'nthano zawo zakale ankachitcha wyrm. Dragon atakhazikika, wyrm anafota mpaka lero ndi worm, nyongolotsi ya pambedza. Deer kale inali nyama iliyonse ya miyendo inayi. Beast, mawu ochokera ku Chifalansa otanthauza nyama, atabwera, deer anatsala ndi mtundu umodzi wokha wa agwape. Amene anapulumuka ndi ochepa. Mu werewolf, munthu wosanduka mmbulu, muli wer, mawu akale otanthauza mwamuna, ndipo ife a nkhani za anthu osanduka afisi sitifunika kutanthauziridwa zambiri. Fiend, amene lero ndi chiwanda, poyamba anali mdani wamba, munthu wodana nawe. Koma amene amandisangalatsa ndi nightmare, mawu awo otanthauza maloto oopsa. Ophunzira anga amaganiza kuti muli hatchi yaikazi, popeza mare ndi imeneyo. Ayi ndithu. Mare uyu ndi wina, chiwanda chimene ankati chimakukhalira pachifuwa uli mtulo, iwe kufuna kukuwa mawu osatuluka, kufuna kudzuka thupi osalola. Ndani mwa ife sizinamuchitikire, n'kudzuka m'mawa akuloza azakhali ena ake?

Za dragon amayi anali ndi maganizo awo. M'Chigiriki drakon inali njoka yaikulu basi. Mapiko ndi moto n'zimene Azungu anawonjezera pambuyo pake. Nditanena zimenezi anagwedeza mutu ngati ndawavomereza mlandu. "Chinjoka chenicheni sichiuluka. Chimayenda pansi pa phiri." Amanena Napolo. Iwo analipo mu March 1991 pamene phiri la Michesi linatsakamuka, madzi, matope ndi miyala ikuluikulu n'kusesa midzi ya ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kutha. Ine ndingathe kufotokoza za mvula yochuluka ndi nthaka yokhuta madzi pamalo otsetsereka, iwo amamvetsera mwaulemu, kenako amati, "Eya, ndiye podutsa pakepo."

Nditaunjika mawu onsewa pakope ndinayamba kudzimvera chisoni, ngati kuti Chichewa chathu n'chosauka. Kenako ndinazindikira kuti ife ntchito imeneyi timaigwira ndi chida china. Mngerezi akafuna chinthu choopsa amakabwereka dzina kwa Mgiriki kapena Mluya. Ife timangotenga chi n'kumuika kutsogolo. Njoka isanduka chinjoka, galu chigalu, mphaka chimphaka, munthu chimunthu. Mukamva mwana akuti "kuseri kwa bafa kuli chimunthu", simufunsa kuti ndi ogre kapena troll, mumatenga chibonga. Tikafuna goblin timatenga ka: kamunthu kena kake, kachiwanda. Ndipo taonani mawu awiri awa, munthu ndi chinthu. Tsinde lake ndi limodzi. Pakati pa iwe ndi choopsacho pali phatikizo limodzi lokha, ndipo m'kamwa mwa anthu okwiya phatikizo limenelo silichedwa kusintha. Wakuba akagwidwa pamsika, tamverani bwino nthawi imene anthu amasiya kunena kuti "ameneyu" n'kuyamba kunena kuti "chimenechi".

Azungu nawonso njira imeneyi anaiyenda, kungoti ndi maina. Cannibal, munthu wodya anthu anzake, ndi dzina la mtundu wa anthu enieni, a Carib a kuzilumba za Caribbean, monga mmene Christopher Columbus analimvera mu 1492. Mu 1503 Mfumukazi Isabella ya ku Spain inalola kuti anthu odziwika kuti amadya anzawo azigwidwa ukapolo. Mungathe kuganiza nokha mmene odya anthu anachulukira kuzilumbazo chilolezo chimenechi chitatuluka. Ndikamakumbukira nthano zathu za Akafula, tianthu tatifupi tofunsa kuti "mwandionera pati?", ndimadzifunsa ngati si njira yomweyo: anthu amene makolo athu anawapeza m'dziko muno, lero tinawasandutsa zoopsezera ana.

Nawonso mawu athu akuti chilombo si ophweka monga ndinawapeputsira pamaso pa amayi. Mkango ukalowa m'mudzi ndi chilombo. Kuchikazi kwanga ku Dedza, zilombo ndi zija zimatuluka kudambwe, Kasiyamaliro ndi anzake, ndipo womasulira amene angalembe monsters pamenepo ayenera kulipitsidwa mbuzi. Tikachichepetsa chimasanduka tizilombo toyambitsa matenda, ndipo tikati "anamupeza ndi kachilombo" aliyense amadziwa kamene tikunena. Kanthu kosaoneka ndi maso kanatimaliza kuposa mikango yonse ya m'Malawi, ndipo dzina tinakapatsa loyenera. Chingerezi chili ndi zofananako. Bug lero ndi kachilombo kouluka, kachilombo ka chimfine, ngakhale vuto la mu kompyuta. Koma m'Baibulo lachingerezi la Coverdale la 1535, pa Salmo 91 pamene ife timawerenga za zoopsa za usiku, analemba bugges. Bugbear ndi bogeyman, zoopsezera ana osamva, ndi za banja la mawu akale amenewo.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti zilombo za Chingerezi pafupifupi zonse zinaguluka mano. Zinalembedwa ntchito. Giant wa Agiriki uja, gigas, ndi amene ali mu gigabyte, ndiye mukamadandaula kuti bandulo yatha msanga dziwani kuti mwadya chimphona. Titans, milungu yakale ya m'nthano za Agiriki, anapereka dzina ku Titanic, sitima ija inamira mu 1912. Behemoth ndi kampani yaikulu. Troll anatuluka pansi pa mlatho, pano amakhala pa Facebook n'kumatukwana anthu osawadziwa, ngakhale kuti m'dzina limeneli mwalowanso mawu a asodzi otanthauza kukoka nyambo kumbuyo kwa bwato. Gremlin anapekedwa ndi oyendetsa ndege za nkhondo a ku Britain pofuna woti azimunamizira injini ikavuta. Mu 2022 a dikishonale ya Oxford analengeza goblin mode kukhala mawu a chaka, kutanthauza kukhala m'nyumba osasamba, osasesa, osalabadira za munthu. Monster weniweniyo ali pachitini cha chakumwa m'mashopu. Ngakhale mwala wa cobalt, umene amakumba ku Congo ndi ku Zambia n'kuuika m'mabatire a mafoni, dzina lake ndi la kobold, kachiwanda kamene anthu a m'migodi ya ku Germany ankati kamawaipitsira miyala. Wosewera mpira akavuta amati ndi beast, ndipo apa achinyamata athu sanatsalire, nawonso amati mfana uja ndi chilombo.

Mawu amaguluka mano anthu akasiya kukhulupirira. Apa ndi pamene ndimaona kuti kumasulira kumafuna kusamala, chifukwa pali mawu awiri a Chingerezi amene amaikidwa pa zinthu zathu zimene mano ake akadali akuthwa.

Oyamba ndi zombie. Ana anga amadziwa zombie wa m'mafilimu, chigulu cha mitembo yowola yoyenda mwa dzandidzandi kufuna kuluma amoyo. Koma zombie woyambirira ndi wa ku Haiti, dziko la zidzukulu za akapolo ochokera kuno ku Africa, ndipo akatswiri amalumikiza dzinali ndi mawu a Chikongo monga nzambi ndi zumbi. Kumeneko zombie ndi munthu amene wamankhwala wamupha n'kumudzutsa, kumulanda nzeru, kuti azimulimira m'munda usana ndi usiku osalipidwa. Amati akalawa mchere amatsitsimuka n'kuzindikira zimene zamuchitikira. Asilikali a America atakhala ku Haiti kuyambira 1915 mpaka 1934, nkhaniyi inawolokera kwawo, n'kulowa m'mabuku ndi m'mafilimu. Odya anthu aja anabwera ndi filimu ya George Romero ya 1968, imene mkati mwake simutchulidwa n'komwe zombie, ankawatcha ghouls. Dzina linachoka pa wozunzidwa n'kupita pa wolusa.

Nditawafotokozera amayi za ku Haiti anasiya kusenda mtedza. "Ndondocha," anatero motsitsa mawu, ngati wina akumvetsera pazenera. Ndipo n'zoona, palibe chosiyana: munthu amene mudamuika m'manda koma akuti ali kuchigayo cha uje, lilime lodula, akusenza matumba usiku kuti mwini wake alemere. Anthu a mbali ziwiri za nyanja yamchere, osadziwana, akulota loto limodzi. Ndipo m'loto limenelo woopsa si ndondochayo. Iye ndi womvetsa chisoni. Woopsa ndi wokhwimayo, amene chuma chake chakwera anthu osaona pamene chachokera. Kapolo wa m'minda ya nzimbe ankaopa kuti ngakhale imfa siimumasula. Filimu ya masiku ano mantha amenewo inawataya, inangotola dzina.

Achiwiri ndi vampire. Mu September 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi kwathu ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Zinachitikaponso kumapeto kwa 2002. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata anatseka misewu ndi miyala, mlendo aliyense wonyamula chikwama anali pa ngozi. Anthu osalakwa anaphedwa, ena kuotchedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo a zaumoyo anavutika kulowa m'midzi. Nyuzipepala zakunja zinalemba mawu amodzi: vampires. Ndikukumbukira mmene zinandiwawira nditaona ndemanga za anthu akunja pa intaneti, akuseka, akuika zithunzi za mzungu wovala mkanjo wakuda, mano awiri ali panja.

Namapopa si ameneyo. Vampire wa m'mafilimu, amene anaumbidwa kwambiri ndi buku la Bram Stoker la 1897, ndi wakufa wodzuka m'bokosi, bwana wa nyumba yachifumu, woluma pakhosi kuti iye mwini akhute. Namapopa wa m'mphekesera zathu ndi munthu wamoyo, wobwera, wa zipangizo. Amati ali ndi mapaipi, jakisoni, mankhwala ogonetsa, tochi, galimoto yomudikira kumsewu, ndipo magaziwo sakumwa iye, akukagulitsa kwa ena akuluakulu. Amenewa ndi mantha a munthu wosauka amene waona magalimoto oyera akulowa ndi kutuluka m'mudzi mwake zaka zambiri, anthu akulemba maina, akutenga magazi okayeza, iye moyo wake osasintha. Sindikuikira kumbuyo kupha. Amene anaphedwa aja analibe mlandu, ndipo owapha ndi zigawenga. Ndikungoti mukawatcha vampire mwaika chidole pamalo pamene panagona maliro.

Chodabwitsa n'chakuti mawu akuti vampire nawonso anayamba chimodzimodzi. Ndi a ku Serbia. Mu 1725, ndiponso cha m'ma 1731 ndi 1732, anthu a m'midzi ya kumeneko, anzawo atamwalira motsatizana, anayamba kufukula manda n'kumabaya mitembo ndi zikhomo pamtima, ena kuiotcha. Dera limenelo linali m'manja mwa Austria, ndiye akuluakulu a boma ndi madokotala a asilikali anapita kukaona n'kulemba malipoti. Malipotiwo anafika m'nyuzipepala za ku London mu 1732, ndipo ndi mmene mawuwa analowera m'Chingerezi: ngati nkhani ya anthu akumudzi amantha, akutali, yowerengedwa ndi anthu a m'tauni akumwa khofi. Sipanapite nthawi olemba a ku London anayamba kutchula andale oyamwa misonkho kuti mavampire. Kwa owerengawo anali kale mawu oseweretsa. Kwa mayi wa ku Serbia amene mwamuna wake anafukulidwa, sindikukhulupirira kuti zinali zoseketsa.

Ndinawafunsa amayi ngati iwo anagona nawo panja chaka chimenecho. Anati eya, masabata atatu, pabwalo la tchalitchi. Ndinafunsa ngati ankakhulupiriradi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo, mudzi wonse uli panja, inu mungagone m'nyumba nokha? Mawa lake anena kuti ndinu ndani?"

Usiku womaliza asanabwerere magetsi anazima, monga mwa masiku onse, ndipo ana anaumirira agogo awo kuti awaimbire nthano. Tinayatsa kandulo. "Padangokhala." "Tili tonse." Inali ya chinthu china chimene chinatuluka m'dziwe n'kumeza mudzi wonse, anthu, mbuzi, nkhokwe ndi mitondo yomwe, kupatula mayi mmodzi woyembekezera amene anabisala kuphanga. Mwana amene anabadwira kuphangako ndiye anakula, n'kusula mipeni, n'kukaching'amba pamimba anthu onse n'kutuluka amoyo. Amayi nthano amaitha. Mawu a chinthucho ankawatulutsira pansi pa mimba, moti wamng'ono wathu anasamukira pamiyendo pa mayi ake.

Atangoti "kaphuleni mbatata", katswiri wathu wa sitandade 6 anali ndi funso kale.

"Agogo, ndiye chinali ogre kapena dragon?"

"Chinali chinthu."

"Koma dzina lake?"

"Amene anachiona pafupi anali m'mimba, mdzukulu wanga. Kunalibe nthawi yofunsana maina."

Anakhala chete pang'ono, kenako anandikoka malaya. "Adadi, kandulo musazimitse. Komanso mundiperekeze kubafa."